Kodi titumize mwana wamng'ono kwa agogo ake, kapena tipirire naye konkuno?

Nabanda analemba:

Moni makolo anzanga nonse amene mukulera ana m'mayiko a eni. Ndabwera ndi nkhani imene ikutisowetsa mtendere m'nyumba mwathu, ndipo ndikupempha maganizo a inu amene munadutsamo kale.

Ine ndi amuna anga timakhala mumzinda wina kumpoto kwa England. Tili ndi ana awiri, mtsikana wa zaka zinayi amene tinabwera naye ali wakhanda, ndi mnyamata amene anabadwira konkuno ndipo wangoyamba kumene kuyenda. Tonse awiri timagwira ntchito yosamalira okalamba, ine masana, iwo usiku. Tinakonza choncho dala kuti nthawi zonse pakhomo pazikhala mmodzi wa ife, popeza ndalama zolipira kosungira ana tsiku lonse zikanameza pafupifupi malipiro onse a munthu mmodzi, ndipo viza yathu imatiletsa kulandira thandizo la ndalama za boma. Mapeto ake timangokumana pachitseko, wina akulowa wina akutuluka, n'kuuzana mothamanga kuti wadya ndani, akutsokomola ndani, ndi kuti matewera atsala angati. Bambo a anawa akafika m'mawa, atachezera usiku wonse ali chiimirire, amagona pampando wa pabalaza mwa apo ndi apo, dzanja limodzi litagwira malaya a mwana kuti akangosuntha iwo adzidzimuke. Awonda, sachedwa kupsa mtima, ndipo ine ndimachita mantha akamayendetsa galimoto.

Makolo athu aona kutopa kwathu pa foni, ndipo atipempha mwachikondi kuti tiwatumizire wamng'onoyu akakhale nawo mpaka atafika msinkhu woyamba sukulu. Akuti kumeneko omuyang'anira ndi ambiri, ndiponso akaphunzira chilankhulo chathu bwinobwino. Mfundo yachiwiriyi yandigwira mtima, chifukwa mkuluyu chiyambireni sukulu ya mkaka amamva zonse zimene timamuuza koma amayankha m'Chingerezi basi, ndipo agogo ake akaimba amangomwetulira n'kuthawa. Amuna anga akuoneka kuti avomera. Ine mtima ukukana, koma sindikufuna kuumirira maganizo anga pamene thanzi la mnzanga likuwonongeka ndikuona. Kodi alipo amene anatumizapo mwana, ndipo zinatha bwanji? Nanga inu amene simunatumize, munadutsa bwanji zaka zimenezi?

Bambo a Mphatso analemba:

A Nabanda, zikomo chifukwa chofotokoza momasuka. Ife tinakhalamo m'moyo wokumana pachitsekowo, ndipo tsopano wamng'ono wathu ali ku pulayimale. Sindikuuzani kuti mutumize kapena musatumize, koma ndikupempha kuti musanagamule muyambe mwawerengera kutalika kwa nyengo yothinayi, chifukwa munthu akatopa kwambiri amaona ngati zinthu zidzakhala chomwecho mpaka kalekale.

Ku England mwana amayamba kalasi ya Reception, yomwe ndi yoyambira ku pulayimale, mu September wotsatira tsiku limene wakwanitsa zaka zinayi. Sukulu za boma n'zaulere kwa mwana aliyense, ndipo siziwerengedwa m'gulu la thandizo limene viza yanu ikuletsa. Malo amapemphedwa kudzera ku khonsolo pofika pa 15 January, ndipo mayankho amatuluka cha pa 16 April. Ngati tsiku lopempheralo linadutsa, pemphanibe, kungoti mwina mungapatsidwe sukulu yakutali ndi kumene mukukhala. Choncho mkuluyo posachedwapa azikhala kusukulu kuyambira cha m'ma 9 m'mawa mpaka cha m'ma 3 masana. Wamng'onoyo, kuyambira teremu yotsatira tsiku limene adzakwanitse zaka zitatu, adzakhala ndi maola 15 aulere a kusukulu ya mkaka pa sabata kwa masabata 38 pa chaka, ndipo maola amenewa amaperekedwa kwa mwana aliyense posayang'ana viza ya makolo ake. Amene ambiri a ife sitiyenerera ndi maola 30 aulere amene boma limapereka kwa ana a makolo ogwira ntchito. Palinso maola 15 a ana a zaka ziwiri a m'mabanja opeza zochepa, amene kuyambira mu 2022 mabanja a viza yonga yanu angathe kupempha ngati ndalama zawo sizipitirira malire amene boma linaika. Funsani ku khonsolo yanu, chifukwa palibe amene adzabwere kudzakuuzani yekha.

Mukawerengera motero muona kuti nthawi yovuta kwenikweni ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo chimene chikusowa m'nyumba mwanu ndi maola asanu a tulo tosadukiza a bambo tsiku lililonse limene agwira usiku. Kwa ife chimene chinathandiza chinali kusinthana ana ndi banja lina. Anthuwo sanali a kwathu ayi. Mkazi wanga anakumana ndi mayi wa banjalo ku laibulale ya m'dera lathu, pa nthawi imene ana aang'ono amaimbiridwa nyimbo ndi kuwerengeredwa nthano kwaulere. Iwo ankatenga wathu m'mawa wa masiku awiri, ife tinkatenga wawo madzulo ndi Loweruka. Ndinkatseka makatani, kuzimitsa foni, n'kugona pabedi penipeni, ndipo patangopita masabata ochepa anzanga a kuntchito anaona kuti ndasintha. Kusinthana kotereku pakati pa mabwenzi, popanda kulipirana ndalama, n'kololedwa ndipo sikufuna kulembetsa kulikonse. Koma munthu amene akulandira malipiro posunga ana osakwana zaka 8 m'nyumba mwake kwa maola opitirira awiri pa tsiku ayenera kukhala wolembetsedwa, kawirikawiri ku Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu ndi malo osungira ana. Ndikutchula zimenezi chifukwa pakati pathu pamamveka za anthu otchipa amene amadzaza ana m'chipinda chimodzi, ndipo tsoka likachitika mafunso amafika kwa makolo. Dziwaninso kuti mwana wosakwana zaka 16 akamakhala kwa munthu amene si m'bale wapafupi kwa masiku 28 kapena kupitirira, lamulo limafuna kuti khonsolo idziwitsidwe.

Pomaliza, lankhulani ndi namwino woyendera mabanja uja, amene kuno amati health visitor. Ambiri a ife timamuopa, poganiza kuti tikangovomera kuti tatopa atilanda ana, ndiye akabwera timasesa m'nyumba n'kumuuza kuti zonse zili bwino. Kutopa si mlandu. Iye ndi amene amadziwa magulu aulere a makolo ndi ana amene ali pafupi nanu, ndipo ntchito yake ndi ya mabanja a ana osakwana zaka zisanu onga anuwo.

Naphiri analemba:

Achemwali anga a Nabanda, ine ndine mmodzi wa amene anatumizapo mwana, choncho ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Pa nthawiyo ndinali ndekha, ndikuphunzira unamwino mkati mwa sabata n'kumagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, ndipo panalibe njira ina imene ndinkaiona. Mwana wanga anapita kwa amayi anga asanakwanitse zaka ziwiri, n'kubwerako atatsala pang'ono kuyamba sukulu. Amayi anamulera bwino kwambiri, ndipo ndidzawathokoza moyo wanga wonse. Anabwera wathanzi, waulemu, wodziwa abale ake onse ndi mayina awo, ndiponso wolankhula chilankhulo chathu mosadodoma. Ine ndinamaliza maphunziro, ndipo ntchito imene ikutisunga lero inachokera m'zaka zimenezo.

Komabe pali zinthu zimene foni singathe kunyamula. Mwana wa msinkhu umenewo amadziwa munthu amene amamusambitsa, kumubereka ndi kumutonthoza akalira usiku. Nkhope ya pa foni kwa iye ndi ya mlendo wokoma mtima amene amaoneka Lamlungu. Tsiku limene anafika pabwalo la ndege anabisala kumbuyo kwa mng'ono wanga amene anamuperekeza, atagwira siketi yake ndi manja onse awiri, ndipo ndinagwada pansi kwa nthawi yaitali ndisanaloledwe kumukhudza. Kwa miyezi ingapo ankadzuka usiku kuitana agogo ake, ndipo akadwala ankakana kuti ndimunyamule. Makolo tikamaganiza zotumiza mwana timawerengera kusiyana koyamba kokha, kwa tsiku limene akupita. Pali kusiyana kwachiwiri, pamene tikumuchotsa kwa agogo amene asanduka mayi ake, n'kumuika m'nyumba yachilendo, m'dziko lozizira, m'sukulu ya chilankhulo chimene sakuchidziwa, zonsezo pa nthawi imodzi. Agogonso amatsala ndi chisoni chachikulu chimene sachinena. Kwa inu palinso mkuluyo, amene angakule zaka zitatu osasewera ndi mlongo wake, kenako n'kudzakumana aliyense ali ndi chilankhulo chake. Mwana wanga ndi ine tsopano timagwirizana kwambiri, koma zinatenga nthawi ndi kuleza mtima kochuluka.

Mbali ina imene muyenera kuifufuza musanagule tikiti ndi ya mapepala. Kuyambira pa 1 January 1983 mwana wobadwira ku UK sakhala nzika chifukwa chongobadwirako, pokhapokha kholo limodzi litakhala nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika. Koma lamulo la British Nationality Act la 1981 limalola kuti mwana wobadwira kuno, amene wakhala konkuno zaka 10 zoyambirira za moyo wake, alembetsedwe unzika, bola asakhale kunja masiku opitirira 90 m'chaka chilichonse cha zakazo. Mwana wanu akachoka kwa zaka zitatu mwayi umenewo mwina angautaye, n'kutsala kudalira kuti inu makolo mudzapeze chilolezo chokhazikika. Kumbukiraninso kuti malamulo amasintha mwana ali kutali. Pa 11 March 2024 boma linaletsa ogwira ntchito yosamalira anthu ongobwera kumene kubweretsa mabanja awo, ndipo ngakhale amene anali kale pantchitoyi sanakhudzidwe mofanana, zimenezo zikusonyeza kuti khomo limene latseguka lero lingadzapezeke lotseka mawa. Kaonaneni ndi mlangizi wovomerezeka wa malamulo amenewa, muli ndi mapepala a mwanayo m'manja.

Mayi a Takondwa analemba:

A Nabanda, ine ndimakhala ku Sweden ndipo ndimagwira ntchito ku sukulu ya mkaka, m'dera limene ana ambiri amachokera m'mabanja a anthu obwera. Ndikhudzapo za chilankhulo zokha, chifukwa ndikuona kuti ndi zimene zikukokera mtima wanu ku maganizo otumiza mwana.

Zimene mkuluyo akuchita ndimaziona chaka chilichonse, kwa ana a zilankhulo zosiyanasiyana. Mwana akayamba sukulu amazindikira msanga kuti chilankhulo cha anzake ndi cha aphunzitsi ndi chimene chimamupezera masewera, ndipo akaona kuti makolo ake amachimvanso, sapeza chifukwa chovutikira ndi china. Koma mwana amene akumva zonse zimene mukumuuza sanataye chilankhulo. Chili m'mutu mwake, chikungosowa mpata wotulukira pakamwa. Katswiri wina wa ku Belgium, Annick De Houwer, anafalitsa mu 2007 kafukufuku wa mabanja pafupifupi 1,900 a ku Flanders, chigawo cha dzikolo, amene m'nyumba mwawo munkalankhulidwa chilankhulo china kuwonjezera pa Chidatchi. Anapeza kuti m'mabanja pafupifupi amodzi mwa anayi alionse ana sankalankhula chilankhulo cha makolocho, ndipo zinkayenda bwino koposa kumene makolo onse awiri ankachilankhula pakhomo. Inu muli ndi mwayi umenewo, popeza nonse awiri mumalankhula chilankhulo chimodzi. Choopsa chimayamba pamene makolo otopa ayamba kumuyankha mwana m'Chingerezi kuti zinthu zithe msanga, poyamba pomuveka nsapato m'mawa, kenako pa chilichonse, mpaka chilankhulo chathu chimatsala cha kukalipira ndi cha nkhani za akuluakulu zimene sitikufuna kuti ana amve. Mwana sangakonde chilankhulo chimene amachimva akalakwa pokha.

Ine ndimalangiza makolo kuti apitirize kulankhula chilankhulo chawo ngakhale mwana ayankhe m'china, ndipo abwereze modekha zimene mwanayo wanena m'chilankhulo cha pakhomo, osamukalipira kapena kumukakamiza kubwereza. Nthawi yosamba, yovala, yopita kusukulu ndi yogona ndi imene imabwera tsiku lililonse ndi mawu omwewo, ndipo mawu obwerezedwa ndi amene amakhazikika. Pa foni ya agogo, mwana wa zaka zinayi sangapirire moni wautali ndi mafunso a akuluakulu. Pemphani agogo kuti aziimba kwa mphindi zochepa pa nthawi yofanana, akhale ndi nyimbo kapena nthano imodzi imene amaibwereza mpaka mwana ayambe kuvomera, kapena amufunse kuti awaonetse chidole chake n'kuwauza dzina lake. Chinthu chimodzi ndimachinena molimba kwa abale onse: mwana akayesa kulankhula n'kupotoza mawu, asamuseke. Ndaona ana amene anatseka pakamwa kwa zaka chifukwa akuluakulu anaseka katchulidwe kawo n'kuwauza kuti abwerezenso kuti ena amve. Kusakaniza zilankhulo m'chiganizo chimodzi n'kwachibadwa pa msinkhu umenewu, ndipo kukula ndi zilankhulo ziwiri sikuchititsa mwana kukhala ndi vuto la kulankhula.

Dziwaninso kuti kutumiza mwana sikuthetsa nkhaniyi kotheratu. Mwana wobwera ali ndi zaka zisanu akulankhula bwino angathe kuiwala zambiri m'zaka ziwiri zokha ngati m'nyumba imene wafikiramo anthu akulankhulana m'Chingerezi. Ngakhale kuno ku Sweden, kumene ana a sukulu angathe kuphunzitsidwa chilankhulo cha makolo awo pakapezeka ana asanu ochifuna ndi mphunzitsi woyenera, lamulo limafuna kuti chilankhulocho chikhale chogwiritsidwa ntchito pakhomo tsiku ndi tsiku.

Mwatchula kuti bambo sachedwa kupsa mtima, ndipo ndikupempha kuti zimenezo musazitenge mopepuka. Kholo losagona ndi limene dzanja limathamanga lisanaganize. Sweden inaletsa kumenya ana mu 1979, Scotland mu 2020 ndipo Wales mu 2022. Ku England lamulo likusiyabe kampata kochepa, koma chilichonse chosiya chizindikiro pathupi la mwana chingathe kukhala mlandu, ndipo aphunzitsi ali ndi udindo wonena zimene aona kapena kumva. Tulo ta bambo n'tofunika kwa ana monga momwe tilili tofunika kwa iwo eni.

Jere analemba:

Mayi, ndawerenga zonse, ndipo ndikugwirizana ndi zambiri. Ndingopempha kuti tisaweruze mabanja amene amatumiza ana, chifukwa kumene ine ndili kulibe maola aulere amene atchulidwawo, ndipo ndikudziwa makolo amene akanapanda kutumiza bwenzi akutsekera mwana m'chipinda popita kuntchito. Pakati pa ziwirizo, kwa agogo n'kwabwino kutalitali.

Koma ndilankhuleko ngati bambo. Amuna ambiri sitinena kuti tatopa kapena kuti tikuopa. Timangovomera njira iliyonse imene ikuoneka kuti ichotsa katunduyo. Mwina amuna anu sakufuna kuti mwana apite, akungofuna kugona, ndipo akusowa mawu onenera zimenezo popanda kuoneka ofooka. Afunseni pa tsiku limene nonse mwapuma, ana atagona. Muonenso limodzi ndalama zimene mumatumiza kwa abale mwezi uliwonse. Makolo amene ali okonzeka kulera mdzukulu zaka zitatu angamvetsenso mutawauza mwaulemu kuti kwa kanthawi muchepetsa zotumiza, kuti bambo asiye shifiti imodzi pa sabata kapena mulipire wolera ana m'mawa wa masiku awiri. Nkhani yotere ndi yovuta kuiyamba, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo iwonso ndi eni ake a ana amenewa.

Nabanda analemba:

Zikomo kwambiri nonse. A Naphiri, mawu anu okhudza kusiyana kwachiwiri ndinawawerengera amuna anga, ndipo tinakambirana mpaka usiku. A Jere, munalondola: iwo anati sankafuna kuti mwana apite, koma ankaopa kuti tsiku lina adzagona tulo tofa nato mwana ali pamasitepe. Tagwirizana kuti tisatumize chaka chino. Apempha kuntchito kuti mausiku awo azikhala otsatizana m'malo momwazikana sabata yonse, ndipo ine ndalankhula ndi mayi wina wa kutchalitchi amene ali ndi mwana wa msinkhu womwewo, amene wavomera kuti tiyese kusinthana masiku awiri. Namwino uja ndinamuimbira. Sanatiweruze, anatipatsa mayina a magulu a makolo a m'dera lathu, ndipo anatikumbutsa kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi amayenera kulandira mamaikilogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse, makamaka ife a khungu lakuda m'dziko la dzuwa lochepa lino.

Chatsala ndi kuwayankha makolo athu m'njira yoti asaone ngati takana chikondi chawo. Tikuganiza zowapempha amayi anga kuti abwere kudzacheza kwa miyezi ingapo m'nyengo yotentha, kuti adzukulu awadziwe pamaso ndi kumva chilankhulo tsiku lonse. Kodi alipo amene anaitanapo kholo lake, ndipo tiyembekezere zotani?

Bambo a Mphatso analemba:

Ife tinaitanapo apongozi anga. Viza ya alendo imalola munthu kukhala mpaka miyezi 6, ndipo chimene oona mapepala amafuna kutsimikiza ndi chakuti ulendowo ndi wodzacheza ndithu, kuti ndalama zowasamalira zilipo, ndiponso kuti mlendoyo ali ndi zomubwezera kwawo, monga nyumba, munda kapena anthu amene amawasamalira. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo viza imeneyi si yoti munthu azikhala kuno mwa kubwerabwera motsatizana, choncho musawawerengere ngati olera ana a nthawi yaitali, ndipo zonse zimene mulembe pa fomu zikhale zoona. Agulireni inshuwalansi ya zaumoyo asananyamuke, popeza mlendo amalipiritsidwa akagonekedwa m'chipatala, ndipo abwere ndi mankhwala awo a nthawi zonse pamodzi ndi kalata ya dokotala. Konzekeraninso kuti masabata oyambirira adzasungulumwa inu mukapita kuntchito, chifukwa anthu oyandikana nawo nyumba kuno sachezerana pakhomo. Apongozi anga anamasuka titawasonyeza njira ya kupaki ndi ya kusukulu, n'kuyamba kupita nafe kokatenga mdzukulu wawo masana alionse.